Mwana Akayamba Chifuwa: Zoyenera Kuona Makolo Asanapite Naye ku Chipatala

Nyengo yachisanu ikafika, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mwera uomba kunyanja ndipo chiperoni chikuta mapiri a kummwera, nyumba zambiri zigona ndi mwana wotsokomola. Ambiri mwa ana amenewa achira okha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Koma pakati pawo pali ena amene nthenda yawatsikira m'mapapo, ndipo otere angathe kumwalira m'masiku ochepa ngati palibe wozindikira msanga. Bungwe la World Health Organization, limene liyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, lidawerengera kuti m'chaka cha 2019 chibayo chidapha ana 740,180 osakwana zaka 5. Ndiye kuti mwa ana 100 alionse amene adamwalira pa msinkhu umenewo, 14 adatengedwa ndi nthenda imeneyi.

Dokotala samuona mwana pa tsiku loyamba la nthenda yake. Omuona ndi mayi wake, bambo wake, agogo ake, kapena mlongo wake amene amubereka kumbuyo. Chifukwa chake kuyeza koyamba kuchitikira panyumba, ndipo zida zake ndi maso, makutu ndi wotchi. Phunziro lino lifotokoza zimene makolo ayenera kuona ndi kuchita asananyamuke, zimene ayenera kupewa, ndiponso zimene a chipatala adzayeza mwana akafika.

1. Kusiyana kwa chimfine ndi chibayo

Mpweya umene munthu apuma ulowa m'mphuno, utsika pakhosi, nugawikana m'tinjira tambirimbiri monga nthambi za mtengo, kufikira m'timatumba tating'onoting'ono ta m'mapapo. M'timatumba timeneti ndi m'mene magazi atengera mpweya wopatsa moyo wotchedwa okosijeni.

Chimfine chikhala kumtunda, m'mphuno ndi pakhosi. Mwana atuluka mamina, ayetsemula, atsokomola, ndipo nthawi zina thupi litentha pang'ono. Koma ayamwa, adya ndi kusewera ndithu. Chimfine chibwera ndi tizirombo totchedwa mavairasi, timene mankhwala onga amoxicillin satha kupha. Mwana wamng'ono wathanzi angathe kudwala chimfine ka 6 kapena ka 8 pa chaka chimodzi, ndipo zimenezi si zachilendo, pakuti thupi lake likali kuphunzira kudziteteza. Chimfine chitha pakapita masiku 7 mpaka 10, ngakhale kutsokomola kungatsalire masiku ena owerengeka.

Chibayo chikhala kunsi, m'mapapo mwenimweni. Timatumba tija tidzala mafinya ndi madzi, mpweya usowa polowa, ndipo mwana ayamba kupuma mofulumira kuti apeze wokwanira. Kawirikawiri chibayo chitsata chimfine, kotero kuti mwana amene dzulo adali ndi mamina okha, lero apezeka akubanika.

Apa ndi pamene makolo ambiri anyengeka, chifukwa ayesa kukula kwa nthenda ndi phokoso la chifuwa. Mwana angathe kutsokomola mosokosa usiku wonse ali ndi chimfine chabe, pamene mnzake wotsokomola pang'onopang'ono ali pafupi ndi imfa. Ngozi ioneka pa kapumidwe ka mwana, ndipo kapumidwe kangathe kuwerengedwa ndi munthu aliyense wodziwa kuwerenga mpaka 60.

2. Kuwerenga mpweya

Wowerenga adikire kufikira mwana atakhala chete kapena atagona tulo, pakuti mwana wolira, woyamwa kapena wongochokera kothamanga apuma mofulumira ngakhale ali bwino. Mwanayo akhale pamiyendo pa mayi wake, pamalo owala, malaya ake atakwezedwa kuti mimba ndi chifuwa zioneke. Munthu mmodzi agwire wotchi kapena foni, wina ayang'ane mimba. Mimba ikakwera ndi kutsika, umenewo ndi mpweya umodzi. Awerenge mphindi yathunthu, ndiye masekondi 60, osadula pakati, chifukwa makanda apuma modukizadukiza, pena mofulumira pena moimaima. Mwana akatakataka kapena akayamba kulira, wowerenga amutonthoze ndi kuyambiranso.

Malire amene a chipatala atsata ndi awa:

Khanda losakwana miyezi 2 lipuma mofulumira likafika ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi.

Mwana wa miyezi 2 kufikira miyezi 11 apuma mofulumira akafika ka 50 kapena kuposa.

Mwana wa chaka chimodzi kufikira pafupi zaka 5 apuma mofulumira akafika ka 40 kapena kuposa.

Mwana wa miyezi 8 wopuma ka 44 sanafike pamalire, koma mwana wa zaka 3 wopuma ka 44 momwemo wapitirira malire ake ndipo ayenera kuonedwa ndi a chipatala tsiku lomwelo. Chiwerengero ndi chimodzi, tanthauzo lake lisiyana ndi msinkhu. Nchifukwa chake makolo ayenera kudziwa miyezi yeniyeni ya mwana wawo, monga ilembedwa m'buku lake la kusikelo.

Kutentha kwa thupi nako kufulumizitsa mpweya. Motero ndi bwino kuwerenga kachiwiri patapita kanthawi. Chiwerengero chachiwiri chikakhalanso pamwamba, nkhani yatha, ulendo uyambike. Wowerenga alembe pa kapepala chiwerengero chimene wapeza ndi nthawi yake. Banja limene lilibe wotchi kapena foni lipite kwa mlangizi wa zaumoyo. Kuyambira m'chaka cha 2008 boma la Malawi lidayamba kuphunzitsa alangizi amenewa kuyeza ndi kuchiza ana aang'ono m'midzi yotalikirana ndi chipatala, ndipo kuwerenga mpweya ndi imodzi mwa ntchito zimene adaphunzira.

3. Kuyang'ana chifuwa ndi kumvetsera

Munthu wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa chonse ndi mimba zitukuka pamodzi. Koma mapapo akalimba ndi nthenda, mwana akoka mpweya movutikira, ndipo chifuwa cha mmunsi, pamene pathera nthiti, chilowa m'kati ngati wina wachikoka ndi chingwe. Chizindikiro chimenechi chikaoneka pa mpweya uliwonse mwana ali phee, chitanthauza kuti chibayo chakula. Angakhale chiwerengero cha mpweya chikhale chochepa, mwana wotere asagone panyumba, pakuti mwana wotopa ndi kupuma angathe kuyamba kupuma pang'onopang'ono mphamvu zikumuthera.

Makolo aonenso ngati mphuno zitukuka pokoka mpweya, ngati mutu ugwedezeka ndi mpweya uliwonse, ndiponso ngati mwana abuula potulutsa mpweya. Ayang'ane lilime ndi m'kati mwa milomo, chifukwa pa khungu lakuda ndi pamenepo pamene paoneka bwino kusowa kwa okosijeni: malo amene ayenera kufiira akada kapena akatuwa, ngozi yakula. Zikhatho zoyera kwambiri zisonyeza kuchepa kwa magazi, kumene nako kubanikitsa mwana.

Phokoso la mpweya lilipo la mitundu iwiri. Lina ndi lokhakhala, limveka pokoka mpweya, ndipo lichokera pakhosi potupa. Likamveka mwana ali chete, njira ya mpweya ili pafupi kutseka. Lina ndi lopyapyala longa mluzu, limveka potulutsa mpweya, ndipo lichokera m'tinjira ta m'mapapo tothinana. Limeneli lipezeka mwa ana a mphumu ndiponso mwa makanda ogwidwa ndi mavairasi ena. A chipatala ali ndi mankhwala opumira amene atsegula tinjira timeneti, makamaka kwa ana a mphumu.

Banja limene lili ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi likaike m'khwapa mwa mwana. Kakaonetsa 37.5 kapena kuposa, thupi latentha. Kwa khanda, kuzizira kochepera 35.5 ndi koopsa chimodzimodzi ndi kutentha.

4. Njira zitatu

Atatha kuona zonsezi, makolo asankhe imodzi mwa njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kunyamuka nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale mvula ikugwa. Iyenera mwana amene akanika kuyamwa kapena kumwa, amene asanza chilichonse, amene wakomoka kapena kugwedezeka thupi, amene walefuka kotero kuti avuta kudzutsa, amene nthiti zake zilowa m'kati, amene apuma mokhakhala kapena mobuula, ndi amene lilime lake lada. Chizindikiro chimodzi chokha mwa zimenezi chikwanira. Khanda losakwana miyezi 2 lilowa m'njira yomweyi likangotentha, likazizira, likaleka kuyamwa bwino kapena likapuma mofulumira, pakuti nthenda ya khanda ikula pa maola ochepa. Momwemonso mwana amene wayamba kutsokomola mwadzidzidzi akudya mtedza, chimanga chokazinga kapena akusewera ndi mkanda, popeza kanthuko kangakhale katalowa m'njira ya mpweya.

Njira yachiwiri ndi kupita tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Iyenera mwana wopuma mofulumira amene alibe zizindikiro zoopsa zija, ndiponso mwana aliyense wotentha thupi, chifukwa m'dziko lino kutentha thupi kuyenera kuyezedwa malungo pasanathe tsiku limodzi. Mwana amene watsokomola masiku 14 osaleka, amene akuonda, kapena amene agona nyumba imodzi ndi wodwala chifuwa chachikulu, apitenso osazengereza ngakhale aoneke wamphamvu.

Njira yachitatu ndi kumusamala mwana panyumba. Iyenera mwana wa mamina ndi chifuwa amene thupi lake silinatenthe, apuma bwino, adya ndi kusewera. Koma makolo ake aziwerenga mpweya m'mawa ndi madzulo, chifukwa mwana wa njira yachitatu lero angathe kukhala wa njira yoyamba mawa.

5. Chisamaliro cha panyumba

Mankhwala oyamba a mwana woyamwa ndi bere. Mayi amuyamwitse kawirikawiri, pang'onopang'ono. Mphuno zikatseka mwana akanika kuyamwa, tsono mayi adonthezemo madontho a madzi owiritsa ndi kuziziritsa, othira kamchere pang'ono, napukute mamina ndi kansalu koyera. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe china chilichonse koma mkaka wa m'mawere. Wokulirapo amwe madzi abwino ndi phala lamadzimadzi, ndipo asaleke kupatsidwa chakudya ngakhale adye pang'ono. Mwana wopitirira chaka angathe kumwa madzi ofunda othira uchi ndi ndimu kuti pakhosi pafewe. Koma wosakwana chaka asalawe uchi, chifukwa nthawi zina uchi ukhala ndi tizirombo timene tifooketsa thupi la khanda.

Mwana afunde, koma asakutidwe ndi mabulangete ambiri thupi likatentha. Akhale kutali ndi utsi wa kukhitchini ndi wa fodya. Mbaula ya makala isayake m'chipinda chotseka, pakuti makala atulutsa mpweya woipa wosanunkha umene upha anthu ali m'tulo. Kufukiza mwana pa mphika wa madzi obwadamuka atamufunditsa nsalu kwapsereza ana ambiri, ndipo sikuchiza chibayo.

Thupi likatentha kwambiri, mwana angathe kupatsidwa panado monga mwa msinkhu wake, ndipo nthawi yake ilembedwe kuti dokotala akadziwe. Panado atsitsa kutentha koma sachotsa nthenda, kotero kuzizira kwa thupi atamwa panado sikuthetsa ulendo wa ku chipatala. Asipirini ndi woletsedwa kwa ana. Mankhwala amadzi a chifuwa ogula m'sitolo sathandiza ana aang'ono, ndipo ena a iwo agonetsa mwana kotero kuti kulefuka kwake sikuzindikirika.

Cholakwa chachikulu chimene chichitika m'mabanja ambiri ndi kupatsa mwana mankhwala otsala kwa mkulu wake, kapena makapisozi ogula pamsika, kapena LA wa malungo asanayezedwe. Mlingo wake ukhala wosakwana, nthenda ingobisala osatha, ndipo dokotala avutika kuzindikira chenicheni. Ndiponso tizirombo tikakumana kawirikawiri ndi mankhwala osakwana, tizolowera, ndipo pa tsiku la ngozi yeniyeni mankhwalawo sagwiranso ntchito.

6. Zimene a chipatala ayeza

Dokotala kapena namwino ayamba ndi zomwe zija makolo adachita kunyumba: awerenga mpweya, ayang'ana nthiti, ayeza kutentha ndi kulemera kwa mwana, namvetsera m'chifuwa ndi chida chake. Nthawi zambiri zimenezi zikwanira kuzindikira chibayo, ndipo makolo asadandaule ngati mwana sanajambulidwe. Kujambula chifuwa kusungidwira ana odwalitsitsa, amene sachira ndi mankhwala, ndi amene aganiziridwa chifuwa chachikulu.

Mwana wotentha thupi abayidwa pachala kuti ayezedwe malungo. Kachipangizo koyezera mwachangu, kamene kadafika m'zipatala za boma m'chaka cha 2011, kapereka yankho pa mphindi 15 mpaka 20. Malungo nawo afulumizitsa mpweya, ndipo mwana mmodzi angathe kudwala malungo ndi chibayo nthawi imodzi. Motero malungo akapezeka, mayi asaleke kunena za kapumidwe kamene adaona. Anenenso ngati mwanayo adamwa mankhwala a malungo m'masabata apitawo, pakuti kachipangizoko kangathe kuonetsabe malungo kwa masabata angapo munthu atachira kale.

Pali kachipangizo kena kamene kapana chala cha kudzanja kapena cha kuphazi ndi kuyeza okosijeni m'magazi popanda kubaya. Kakaonetsa chiwerengero chochepera 90, mwana agonekedwa ndi kupatsidwa mpweya wa m'makina. Makolo ena aopa mpweya umenewu chifukwa adaona ana akumwalira ali nawo pamphuno. Chimene chidapha ana amenewo ndi nthenda imene idafika ku chipatala itakula kale, ndipo ambiri amene alandira mpweya pa nthawi yake abwerera kwawo amoyo. Madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pamodzi ndi akatswiri a sukulu yaukachenjede ya Rice ku America, adakonza makina otchedwa Pumani, amene athandiza makanda obanika kuti mapapo awo akhale otseguka.

Chifuwa chachikulu chivuta kupeza mwa ana, chifukwa mwana wamng'ono ameza makhololo m'malo mowalavula. A chipatala angathe kutenga madzi a m'mimba ndi kapaipi kopyapyala, kapena kuyeza chimbudzi cha mwana, napereka zimenezi ku makina otchedwa GeneXpert, amene apereka yankho pa maola 2. Makinawo akapanda kupeza kanthu, dokotala aganizabe za kuonda kwa mwana, za chithunzi cha chifuwa chake ndi za anthu a m'nyumba mwake. Chifukwa chake makolo asabise ngati pakhomo pali wotsokomola wa nthawi yaitali. Mwana wosakwana zaka 5 wokhala ndi wodwala chifuwa chachikulu apatsidwa mankhwala oteteza ngakhale asanadwale.

Mwana wodwala chibayo kawirikawiri, kapena wosakula bwino, ayezedwanso HIV. Kholo lisamve ngati latukwanidwa dokotala akapempha zimenezi, pakuti mwana wodziwika msanga alandira mankhwala amene amusunga ndi moyo.

Nthenda ya COVID-19 idapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, ndipo mu Meyi 2023 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti yaleka kukhala ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ngakhale kachirombo kake kakalipo. Mabanja ena, makamaka a m'tauni, adazolowera tizipangizo toyezera kunyumba potokosa m'mphuno. Kachipangizo kotere kayankha funso limodzi lokha. Kakaonetsa kuti kachirombo ka COVID-19 palibe, sikananene kanthu za chibayo, za malungo kapena za chifuwa chachikulu. Kakaonetsa kuti kalipo, makolo auze a chipatala pakhomo polowera kuti ana ena atetezedwe. M'njira zonse ziwiri, mwana wopuma mofulumira ayenera kuonedwa, ndipo ulendo usachedwe chifukwa chofunafuna kachipangizo.

7. Zotenga ndi zonena

Ponyamuka makolo atenge buku la kusikelo, kapepala kolembapo mpweya, ndi mankhwala onse amene mwana wamwa, a m'sitolo ndi azitsamba omwe. Dokotala sali woweruza milandu, afuna kudziwa chimene chili m'thupi la mwana. Panjira mwana afunde ndi kuyamwa, ndipo nkhope yake isaphimbidwe ndi chitenje. Wamkulu amene nayenso akutsokomola avale chotseka pakamwa ndi pamphuno, koma khanda lisavekedwe chimenechi.

Amene apita ndi mwana akhale amene wamusamala m'masiku a nthenda, chifukwa adzafunsidwa kuti chifuwa chidayamba liti, thupi lidatentha masiku angati, mwana adayamwa liti komaliza, wakodza kangati, ndiponso kuti pakhomo adwala ndani.

Ku chipatala kukhala mzere wautali, ndipo amayi aulemu akhala chete kudikira nthawi yawo. Ulemu ndi wabwino, koma mbewa ya manyazi idafera kuuna. Anamwino aphunzitsidwa kuona ana odwalitsitsa poyamba, osatsata mzere. Mayi amene mwana wake akubanika, wakomoka kapena walefuka apite kutsogolo ndi kunena mwachindunji kuti, "Pepani a nesi, mwanayu akubanika." Enawo amupatse njira, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

8. Zimene zichedwetsa ulendo

Ana ambiri afa chifukwa cha masiku amene atayika banja lisananyamuke. Akuluakulu ena akaona mwana akutsokomola ndi kuonda, anena kuti ndi tsempho, nayamba kufufuza kuti walakwa ndani, bambo kapena mayi. Ena apita kukaombeza ula kuti adziwe wolodza. Pamene mlandu ukukambidwa pabwalo, mafinya akudzala m'mapapo. Mlandu ungathe kudikira sabata yamawa, chibayo sichidikira, ndipo Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mkhristu adziwa kuti Mulungu salanga khanda losachimwa chifukwa cha makolo ake, ndiponso kuti kuloza mnansi chala popanda umboni ndi tchimo lotsutsana ndi chikondi.

M'mabanja ena mayi aopa kunyamuka mwamuna wake asanalole. Bambo wanzeru apangana ndi mkazi wake mwana asanadwale, namuuza kuti zizindikiro zoopsa zikaoneka apite osadikira munthu, ndipo asiya pambali kandalama ka kabaza kapena ka galimoto. Nkhanga zidapangana kusanache. Zipatala za boma sizilipiritsa. Zipatala za mishoni, monga Likuni, Mua, Mtengowanthenga, Namitete ndi Nguludi, zilipiritsa, koma zipatala zina za mipingo zidapangana ndi boma kuti amayi ndi ana azithandizidwa kwaulere pa matenda ena, tsono ndi bwino kufunsiratu mwana ali bwino. Akhristu a Mphakati nawo adziwe amene ali ndi njinga, ngolo kapena galimoto pakati pawo, kuti mayi wamasiye asasowe womuperekeza usiku.

Lamulo lachisanu la Mulungu lilamula munthu kusamala moyo wake ndi wa iwo amene adaikizidwa kwa iye. Pemphero ndi mankhwala siziombana, popeza nzeru za madokotala nazo ndi mphatso ya Mulungu. Banja lipemphere ndithu, koma lipemphere lili panjira. Khanda losabatizidwa likakhala pa ngozi ya imfa, Mpingo ulola munthu aliyense wofuna kuchita chimene Mpingo uchita kuti alibatize, polithira madzi pamutu ndi kutchula mawu a ubatizo m'dzina la Utatu Woyera. Zimenezi zitheka panjira kapena m'chipatala momwemo, ndipo pambuyo pake a parishi auzidwe kuti alembe m'buku.

9. Pobwerera kunyumba

Mwana wa chibayo chosakula apatsidwa amoxicillin wokamwera kunyumba. Amwe masiku onse amene dokotala wanena, ngakhale aoneke wochira pa tsiku lachiwiri, ndipo asagawireko mnzake. Makolo apitirize kuwerenga mpweya, ndi kubwerera ku chipatala pa tsiku limene auzidwa. Mwana akaleka kumwa, akayamba kubanika kapena nthiti zikayamba kulowa m'kati, abwerere nthawi yomweyo osadikira tsikulo. Mwana amene wauzidwa kuti ali ndi chimfine chabe osapatsidwa mankhwala ambiri sananyozedwe ayi, makolo ake athokoze Mulungu.

Kupewa kuyambira kusikelo. M'chaka cha 2002 dziko la Malawi lidayamba kupereka katemera woteteza ku nthenda zisanu pamodzi, amene mwa zina ateteza ku chifuwa chokoka mtima ndi ku kachirombo kamodzi ka chibayo. Mu Novembala 2011 adawonjezera katemera wina wolimbana ndi mabakiteriya amene ayambitsa chibayo chambiri mwa ana. Onse awiri aperekedwa mwana ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Katemera wa chikuku, nthenda imene nayo itsegulira njira chibayo, aperekedwa pa miyezi 9 ndi 15. Katemera achepetsa ngozi koma saichotseratu, motero mwana wobayidwa katemera yense ayenerabe kuwerengedwa mpweya akadwala. Kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba, chakudya chakasinthasintha, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kuphikira pamalo opita mphepo mwana ali kutali ndi utsi, zonsezi zilimbitsa mapapo a mwana.

Mafunso okambirana m'banja ndi pa Mphakati

1. Kodi mwana wa miyezi 5 wopuma ka 54 pa mphindi imodzi ayenera njira iti mwa zitatu zija? Nanga wa zaka 2 wopuma ka 36, amene adya ndi kusewera?

2. Kodi ndi zizindikiro ziti zimene zinyamutsa banja ngakhale pakati pa usiku?

3. Chifukwa chiyani mwana asapatsidwe mankhwala otsala asanayezedwe?

4. Mwana wa mayi wamasiye atabanika usiku uno, ndani pa Mphakati amene angamuperekeze ku chipatala, ndipo pa chiyani?